Bilu ya cloud yakwera? Yambani mwafunsa index

Galimoto ya katundu wochokera ku Joni ikangokhota pa Jenda kulowera ku Embangweni ndi Edingeni, foni ya transipota sipuma. Wina akufunsa za njinga, wina za matiresi, wina za katoni imene mwana wake watumiza. Transipota amatsegula kaundula wake n'kuyamba kusanthula tsamba ndi tsamba mpaka dzina lipezeke.

Masiku ano achinyamata amene aphunzira za makompyuta akuuza anthu a bizinesi ngati amenewa kuti: "Bwana, kope lija lisiyeni, ndikupangireni app." Maganizo abwino ndithu. Koma amene akupanga app ndi amene akuigula, nonse muyenera kudziwa kanthu kena kotchedwa index, chifukwa kamakhudza ndalama zimene muzilipira mwezi ndi mwezi.

App ikamasunga maina, manambala a foni ndi malisiti, imaziika mu database, amene ndi kaundula wa pakompyuta. Kaundulayo nthawi zambiri sakhala mu foni yanu. Amakhala pa cloud, ndipo cloud si kumitambo ayi. Ndi makompyuta a kampani ina amene mumachita lendi. Microsoft inatsegula malo ake otere ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Lendi yake amawerengera malo amene mwatenga, ndipo m'mautumiki ambiri amawerengeranso kuti mwalemba kangati, mwawerenga kangati.

Nanga index n'chiyani? Ganizani za buku la nyimbo kutchalitchi. Mukafuna nyimbo simuyamba pa nambala 1 n'kumatembenuza masamba onse. Mumapita pa mndandanda wa mitu, mwaona nambala, mwafika. Index ndi mndandanda ngati umenewo. Database ikakhala ndi index ya manambala a foni, imalunjika pa katundu wa mayi wa ku Mabulabo osawerenga za anthu ena onse.

Apa index imapulumutsa ndalama. Tenga Firestore ya Google, imene opanga ma app ongoyamba amaikonda. Imalola kusunga 1 GiB ndi kuwerenga zolembedwa 50,000 patsiku mwaulere. Zimamveka zambiri eti? Tsono tinene kuti kaundula wa transipota uli ndi malisiti 5,000, ndipo app inapangidwa mwaulesi moti nthawi iliyonse munthu akafunsa imakoka malisiti onse kenako n'kusankhira pa foni. Mafunso 10 okha, zaulere zatha, kusanache bwino. Otsatirawo ndi a ndalama, kuphatikiza bandulo imene ikupsa pokoka zinthu zosafunika. Koma app ikafunsa kudzera pa index, munthu wa makatoni atatu amawerengedwa katatu basi.

Ndiye tingoika index pa chilichonse? Ayi ndithu. Walira mvula walira matope. Mndandanda wa m'buku la nyimbo uja nawonso umadya masamba. Index iliyonse ndi kabuku kena kapadera kamene kamakopera mbali ya zimene mwasunga n'kuzisanja mwa dongosolo lake, ndipo malo amene kabukuko katenga amalowa mu bilu. Firestore imadziikira yokha index pa gawo lililonse la zimene mwalemba, yoyambira pansi kukwera ndi yoyambira pamwamba kutsika, pokhapokha mutaiuza kuti gawo lakuti ilisiye. Ndiye ngati transipota amalemba ndemanga zazitali, zoti katoni inanyowa pa Mwanza kapena mwini wake alipira akagulitsa fodya, ndemangazo zimasanjidwanso ngakhale palibe amene adzafufuze katundu pogwiritsa ntchito mawu amenewo. Zikachuluka, ma index amatha kutenga malo oposa kaundula weniweniyo.

Palinso mtengo wa kulemba. Mlembi amene ali ndi kaundula ndi mabuku anayi a mndandanda, katundu mmodzi akafika amalemba kasanu. Ku DynamoDB ya Amazon zili chomwecho: index yowonjezera iliyonse imene lisiti yakhudza imalipitsa kulemba kwake ndi malo ake. Ngakhale pa database ngati MySQL kapena PostgreSQL, imene mumalipira kukula kwa seva ndi disiki, ma index ochuluka amadzaza disiki msanga ndi kuchedwetsa kulemba, mpaka mumakakamizika kukwera pa seva yodula.

Kwa ife kuno nkhaniyi imapweteka kawiri chifukwa mitengo ya makampaniwa ili m'madola pamene kasitomala wa ku Luwerezi kapena ku Champhira amalipira m'makwacha pa Airtel Money kapena Mpamba. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Bilu ya madola 20 inadumpha kuchoka pa K23,600 kufika pa K34,000 popanda kasitomala watsopano ngakhale mmodzi. Kampani yaikulu ingapirire zimenezo. Mnyamata wa pa boma amene anagwirizana ndi transipota mtengo umodzi wa chaka chonse ndiye amatulutsa za m'thumba mwake, kapena app imazimitsidwa kaundula yense ali momwemo.

Choncho musanalembe pulogalamu, khalani tsiku limodzi pafupi ndi mwini bizinesi, mumvetsere zimene anthu amafunsa. Kwa transipota mafunso ake ndi omweomwewo: nambala ya lisiti, foni ya wolandira, ndi katundu amene sanatengedwe. Ikani index pa zimenezo. Funso lobwera kamodzi pachaka, monga kuti mafiriji anali angati chaka chatha, lingadikire masekondi angapo, silifunika kabuku kake kolipira lendi miyezi 12. Zithunzi za katundu zisungeni kosungira mafayilo, mu database muikemo adiresi yake yokha. Ndipo tsiku loyamba lomwelo tcherani chenjezo la bajeti, limene Google ndi Amazon onse ali nalo, kuti uthenga ukupezeni ndalama zikangofika pamlingo umene mwaika.

Inu amene mukugula app, kaya ndi ya sitolo, ya banki m'khonde kapena ya kogulitsa tomato pa Jenda, simufunika digiri kuti mudziteteze. Funsani wopangayo kuti kaundula azisungidwa kuti, bilu izibwera m'dzina la ndani, ndiponso idzakhala ndalama zingati makasitomala akachuluka kakhumi. Mufunseninso kuti waika index pati, ndipo chifukwa chiyani. Akayankha kuti "paliponse" kapena "index n'chiyani?", musasaine kaye.