Kompyuta ikakalamba, musathamangire kugula ina

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, yomwe inatuluka mu 2015. Kuno ku Mtandire nkhaniyi ikukhudza anthu ambiri: mnyamata wobena nyimbo pa okala, mayi wotayipira anthu makalata ofunsira ntchito, mwana wasukulu amene malume anamusiyira laputopu. Ambiri mwa makina awo Windows 11 imawakana, chifukwa imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopanoko, ya Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu.

Ndiye tonse tikagule zina? Ine ndikukana. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja wakwera moti ndalama ya laputopu ndi mpamba wathunthu wa geni.

Makina ambiri omwe timati atha angotsamwa fumbi. Mmisiri akamasula kuseri mupeza fani itamatirira litsiro la m'misewu yathuyi, n'chifukwa chake kompyuta imalira, kutentha, mpaka kuzima yokha. Kaburashi kokha kamathetsa vutoli. Ngati ikuchedwa kuyaka, kapena hard disk yayamba kugogoda mkati, ikanimo SSD, mudzadabwa liwiro lake. Batire nayonso imagulidwa payokha, ndipo ndi kuzimazima kwa magetsi a ESCOM, batire yamoyo ndiyo imapulumutsa ntchito ya kasitomala. Amene akuopa mavairasi poti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 angathe kuikitsa Linux Mint, yomwe ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina akale.

Komabe nthawi yosiya kompyuta yakale imakwana ndithu. Motherboard ikapsa, kapena mtengo wokonzetsa ukafika theka la mtengo wa ina, musaikakamire.

Chomwe chimandiwawa ndi ichi: munthu kutolera ndalama miyezi yambiri ku banki m'khonde, n'kukagula m'tauni laputopu ya kaunjika yokalamba chimodzimodzi ndi yomwe wasiya kunyumba. Kasitika ka Core i5 kasakupusitseni. Uzani wogulitsa ayiyatse, muwerenge nambala yonse ya purosesa. Ikakhala i5-6300U, 6 woyambayo akutanthauza m'badwo wachisanu ndi chimodzi, ndipo Windows 11 siivomereza. Ikakhala i5-8250U, imeneyo ili bwino. Wogulitsa akakana kuiyatsa, tulukani ndi ndalama zanu.

Kaya mukonzetsa kaya mugula, usiku uno koperani mafayilo anu ndi a makasitomala pa fulashi.