Jazz ya mu Lusaka ilila ku London, mu basi ya ku Mtendere ziii

Pa Cisanu capita ndinakwela basi ya ku Mtendere pa Kulima Tower, nthawi ija anthu akomboka ku nchito ndipo aliyense afuna cabe kukafika pa nyumba. Ndinakhala ku mpando wa kumbuyo, pamene pamakhala cisipika cija cimene cimagwedeza matumbo. Ba dilaiva anali ataika amapiano. Ine ndinali ndi kahedifoni ku khutu limodzi, foni nditaibisa mkati mwa jekete cifukwa mudziwa mmene manja amaloŵela pa windo mu tauni muno. Ndinali kuyembekezela nyimbo imodzi pa wailesi ina ya pa intaneti ya ku London. Mnzanga woliza saxophone, amene akhala ku Kabwata, anandiuza kuti nyimbo yake yatsopano idzalila pa pulogilamu ya tsikulo.

Inaliladi. Tinali titafika pa Longacres, tikukhotela mu Alick Nkhata Road. Woulutsa anachula dzina la mnzangayo molakwika pang'ono, anachula Lusaka, ndiyeno lipenga linayamba. Ndinayang'ana anthu amene tinapanikizana nawo mu basi. Panalibe ngakhale mmodzi amene akanadziŵa kuti munthu woliza nyimboyi amakwela mabasi amodzimodzi ndi ise, ndipo mwina tinakanganapo naye za cenji.

Ambili a ise tikamva liwu lakuti jazz timaganiza za apamwamba a kumayadi, atakhala ndi tambula ya vinyo pa hotela. Pali cifukwa cake. Jazz ya mu Lusaka masiku ano imapezeka maka-maka m'mahotela, m'maloji, m'malesitilanti a ku Kabulonga ndi ku Rhodespark, pa maukwati ndi pa maphwando a makampani. Alliance Française nayonso imakhala ndi makonsati nthawi zina. Ba Uncle Rex ndi gitala yawo akhala akugwila nyimbo zamtunduwu kwa zaka zambili, ndipo ba Maureen Lilanda anatiwonetsa kale kuti nyimbo za makolo ndi jazz zingayendele pamodzi popanda cina kupondeleza cinzake. Kumbuyo kwa maina amenewa kuli anyamata ndi atsikana ambili amene simudzaŵaona pa cikwangwani ciliconse. Ena anaphunzila nyimbo pa Evelyn Hone College, ena m'mabandi a asilikali ndi apolisi, koma ambili anaphunzilila ku chalichi. Woliza ng'oma amene mumavinila pa Sondo m'maŵa ndiye yemwe anali kuliza jazz pa loji usiku wa Ciwelu, anthu akudya nyama osamuyang'ana n'komwe.

Koma jazz siinayambe ngati cinthu ca apamwamba kuno. Ba Alick Nkhata, amene mseu uja unachedwa dzina lawo, anali woulutsa komanso woimba pa wailesi ya Central African Broadcasting Service kuno ku Lusaka, imene inali kumveka mpaka ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia. Kucokela mu 1949 kunabwela kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special, ka mtengo wa mapaundi 5, kamene kanaloŵetsa magitala a Lusaka Radio Band m'nyumba za anthu wamba, m'makomboni ndi m'midzi. Pambuyo pake makolo athu anavina nyimbo za Franco ndi OK Jazz za ku Congo, ndipo palibe anafunsa ngati uli ndi suti. Ba Dorothy Masuka anakhala zaka zambili mu Zambia pamene sanali kuloledwa kwawo. Liwu lakuti jazz linali la mu bala, la pa ukwati, la munthu aliyense wokhala ndi miyendo iŵili.

Manje cinasintha ni ciani? Mbali ina ni mawailesi athu a FM. Kucokela pamene Radio Phoenix inatseguka mu 1996, masiteshoni aculuka kwambili, ndipo ambili amadyela pa malonda. Wamalonda afuna khamu, khamu lifuna nyimbo ya mphindi zitatu imene ili ndi kolasi yogwila msanga. Nyimbo ya mphindi zisanu ndi ziŵili yopanda mawu, imene woliza besi amatenga nthawi yake kufotokoza zimene zili ku mtima, ilibe malo pakati pa malonda a feteleza ndi a kubecha mpila. Ikapeza malo ni pa Sondo masana kapena usiku, pamene ise okwela mabasi tagona. Sindiimba mlandu ma DJ. Ndakhalapo m'zipinda zoulutsila mawu ndipo ndidziŵa kuti amene amasankha si iwo nthawi zonse. Ngakhale cikondwelelo cacikulu ca Stanbic cinayamba ndi dzina la jazz, ba Hugh Masekela anabwela kudzaliza, koma pambuyo pake cinakhala Stanbic Music Festival ndipo tinaona UB40 ndi Boyz II Men. Matikiti amagulika kumene kuli anthu.

Apa ndiye pamene wailesi ya pa intaneti yaloŵela. Kuti mutsegule siteshoni ya FM mufunika laisensi ya ku IBA, malo pa mlengalenga ocokela ku ZICTA, mlongoti ndi makina okwela mtengo. Pa intaneti mufunika laputopu, maikolofoni ndi netiweki imene siidukaduka. Masiteshoni monga NTS ya ku London, imene inayamba mu 2011, ndi Worldwide FM ya Gilles Peterson ali ndi oulutsa amene nchito yawo ni kusakila nyimbo zimene ena sakuliza. Woimba wa ku Kabwata amatumiza nyimbo yake pa imelo, ndipo ikakondedwa imamveka ku Berlin ndi ku Tokyo sabata imeneyo. Sapeleka kanthu kwa munthu, sapita kukagwada pa ofesi iliyonse. Kwa munthu amene wakhala zaka khumi akuliza nyimbo za eni ake pa maukwati, kumva nyimbo yake-yake ikulengezedwa ni cinthu cacikulu, ndipo sindifuna kucicepetsa.

Koma tiyeni tiŵelengele pamodzi, cifukwa ise a mu basi timadziŵa kuŵelengela. Wailesi ya FM pa foni siidya bundle. Ya pa intaneti imadya. Masiteshoni ambili amaulutsa pa 128 kbps, ndiye kuti ola limodzi limatenga pafupi-fupi 58 MB. Ngati mumakhala mu basi ola limodzi m'maŵa ndi lina madzulo, masiku 22 a nchito pa mwezi, mwadya 2.5 GB pa wailesi cabe, musanatsegule WhatsApp, musanaone Facebook. Ngakhale siteshoni itatsitsa kufika pa 64 kbps, ikhalabe yopitilila 1 GB. Munthu amene amasankha pakati pa bundle ndi ndiwo sadzapeleka zimenezo kuti amvele nyimbo imene saidziŵa. Ine ndinapeleka cifukwa woliza ni mnzanga. Ndikanakhala kuti sindimudziŵa, kunena zoona, ndikanamvela amapiano a ba dilaiva mahala.

Ndiye muona kuti wailesi ya pa intaneti yafupikitsa njila ya ku London, koma ya ku Chawama ikali yaitali monga kale.

Nanga ndalama? Apa ndiye pamene nkhani imaŵaŵa. Mnzanga uja anajambula nyimbo zake mu 2024, caka cimene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kupita mpaka maola 21 pa tsiku. Jazz siijambulika ndi munthu mmodzi pa kompyuta mu cipinda cogona. Ifuna anthu anai kapena asanu mu situdiyo pa nthawi imodzi, aliyense ndi tilansipoti yake, ndipo jenseti iyenela kumwa mafuta. Zonsezo zinacoka m'thumba mwake, ndalama za pa maukwati. Nditamufunsa zimene adzalandila pa kulila kwa nyimbo yake ku London, anaseka cabe. Ndalama za umwini wa nyimbo zimayenda kupyolela m'mabungwe: la kunja litolele, litumize ku bungwe la kuno, limene ni ZAMCOPS, ndipo nyimboyo ikhale kuti inalembetsedwa bwino-bwino ndi dzina la mwini wake. Iye sanalembetse. Anati sanaganizeko, ndipo anzake a mu bandi naonso sanaganizeko. Pa mbali imeneyi sindimuikila kumbuyo.

Ku Spotify, imene inafika mu Zambia mu 2021, kulinso mpanda wina. Kucokela mu 2024, nyimbo imene siinamvedwe nthawi 1,000 pa miyezi 12 siilandila kalikonse. Kwa Yo Maps nambala imeneyo ni ya mphindi zocepa. Kwa bandi ya jazz imene omvela ake onse angakwane mu basi ziŵili za Rosa, ni phili. Cimene wailesi ya pa intaneti imapatsa woimba ni dzina, ndipo dzina nthawi zina limabala kuitanidwa ku cikondwelelo ca kunja kapena kampani yofuna kutulutsa nyimbo zake. Nthawi zambili limabala cithunzi coika pa WhatsApp, basi.

Cimene cimandidetsa nkhawa ni cakuti filimu imeneyi tinaionapo kale. M'zaka za m'ma 1970, pamene ba Kaunda analamula kuti pafupi-fupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za mu Zambia, mabandi monga WITCH, Musi-O-Tunya, Amanaz ndi Ngozi Family anali ndi msika pa nyumba. Teal ku Ndola inali kudinda malekodi, Zambia Music Parlour inali kuŵagulitsa. Mtengo wa kopa utagwa, matenda atatenga oimba ambili, nyimbozo tinaziiŵala. Amene anazikumbuka ni osonkhanitsa malekodi a kunja. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inazitulutsanso, filimu ya WITCH inatuluka mu 2019, ba Jagari Chanda anabwelela pa siteji ndipo bandi inatulutsa Zango mu 2023 ndi Sogolo mu 2025. Mu 2024 Tyler, the Creator anatenga mawu a ba Paul Ngozi a mu cimbale ca 45,000 Volts n'kuŵaika mu nyimbo yake Noid, ndipo mwadzidzidzi acinyamata a mu Lusaka anayamba kufunsa kuti Paul Ngozi anali ndani. Munthu anamwalila mu 1989, anaimba m'Cinyanja cathu comwe cino, koma tinayembekezela wa ku California kuti atiuze kuti ni wabwino. Sampa the Great anacita bwino kukumbutsa dziko za Zamrock mu 2022, koma nayenso anayamba wachuka ku Australia tisanamuombele m'manja kuno.

Jazz ya lelo ili pa njila imodzimodzi, kusiyana kwake n'kwakuti Zamrock inayamba yakondedwa pa nyumba isanaiŵalike. Iyi ikupita kunja isanamvekepo kuno. Ndipo nyimbo ya pa lekodi imakhala zaka 40 mu katoni n'kupezeka. Ya pa laputopu imafa tsiku limene laputopu yabedwa.

Ena amati boma libwezele lamulo la ba Kaunda. Ine sindikhulupilila kuti lingathandize jazz. Mawailesi athu amaliza kale nyimbo zambili za mu Zambia, ndipo mukaŵakakamiza kuonjezela adzaonjezela zimene zikugulika kale. Cimene ndiona kuti cingagwile nchito ni cacing'ono ndipo cili m'manja mwa oimba eni ake ndi masiteshoni a m'makomboni. Pulogilamu imene yaulutsidwa pa intaneti ingapelekedwe ku siteshoni ya FM kuti iulutsidwenso pa nthawi imene anthu ali pa mseu, osati pakati pa usiku. Oimba alembetse nyimbo zawo asanazitumize kulikonse. Ndipo aleke kuona basi ngati malo otsika. Wailesi yaikulu kopambana mu Lusaka ni fulashi ya ba dilaiva. Oimba a gospel ndi a kalindula anazindikila zimenezi kale-kale, ndiye cifukwa cake mumadziŵa nyimbo zimene simunazisankhepo. Tsiku la jazz la pa dziko lonse limakhala pa 30 April caka ciliconse, ndipo sindiona cimene cingaletse bandi kuliza ola limodzi pa City Market tsiku limenelo m'malo mwa pa hotela.

Ndidziŵa zimene oimba adzayankha: kuti kupatsa dilaiva nyimbo mahala ni kutaya thukuta. Zoona. Koma pakali pano thukutalo likupita mahala ku London, kwa anthu amene sadzabwela pa konsati ya ku Longacres.

Pa Mande ndinayesa. Mnzanga anandilola, ndinaika nyimbo zake zitatu pa fulashi, ndipo pobwelela ku nyumba ndinapempha ba kondakita kuti apatse ba dilaiva. Anandiyang'ana ngati ndaŵapatsa ndalama yong'ambika, koma anapeleka. Nyimbo yoyamba inalila kucoka pa Kulima Tower. Mnyamata wina kumbuyo anafunsa ngati tili pa malilo. Amai ena a cikulile amene ananyamula thumba la tomato anati gitala ija iŵakumbutsa nyimbo zimene atate awo anali kumvela pa Radio Zambia, ndipo anafunsa ngati woliza akali moyo. Ndinaŵauza kuti ali ndi zaka 31 ndipo akhala ku Kabwata. Sanakhulupilile.

Ba dilaiva anapilila mpaka pa Longacres, ndiyeno anabwezela amapiano. Potsika ndinapempha fulashi yanga. Ba kondakita anati ndikaitenge mailo, ba dilaiva afuna kukopelako ija yaciŵili.