ZA UMOYO WATHU: Musafulumire Kuzula Dzino

Inu makolo, sabata ino tikambe za mano. Ambiri a inu dzino likapweteka mungoti, "Likazulidwe basi." Koma dzino lacikulire likazulidwa silimeranso.

M'kati mwa dzino liri lonse muli kamnofu kofewa kokhala ndi mitsempha ndi magazi. Dzino likabooka kapena kuthyoka, tizirombo tilowa ndi kupha kamnofu kaja; pamenepo nkhama zitupa, mafinya nayamba. Madokotala a mano ali ndi njira ziwiri zopulumutsira dzino lotere.

Njira yakale ndi iyi: dokotala aboola dzino, acotsa zoola zonse, atsuka mphako ya muzu, naitseka ndi utomoni wouma wochedwa gutta-percha, wa mitengo ya ku Malaysia. Dzino likhalabe m'kamwa ndi kutafuna zaka zambiri, koma m'kati mwace mulibenso moyo. Kwa munthu wamkulu njira imeneyi ndiyo yodalirika.

Kwa mwana nkhani ndi ina. Dzino likatuluka, muzu wace utenga zaka ngati 3 kuti ukhwime. Mnyamata wa zaka 8 akathyola dzino lakutsogolo pakugwa mu mtengo wa mango, kamnofu nikafa, muzu uleka kukula. Utsala waufupi ndi wopyapyala ngati bango, wosacedwa kusweka.

Njira yatsopano ndiyo ya ana otere. Madokotala a ku Japan analemba za iyo m'caka ca 2001, ndi a ku America m'caka ca 2004. Dokotala atsuka mphako, aikamo mankhwala opha tizirombo kwa masabata angapo, kenaka alasa kunsonga kwa muzu kuti magazi a mwanayo adzaze mphako, natseka pamwamba. M'magazi oundana aja mumera mnofu wamoyo, ndipo kawirikawiri muzu ukhuthala, nthawi zina nutalikanso. Mnofuwo sufanana kwenikweni ndi woyamba uja, ndipo mano ena asintha mtundu. Cifukwa cace mwana ayenera kumabwerera kucipatala kukajambulidwa.

Tsono mwana akathyola dzino, kapena dzino lace likayamba kuda, musati, "Tiyambe takolola." Pitani naye kucipatala, mukafunse dokotala wa mano ngati lingapulumuke. Dzino lacikulire likazuka lonse, musalipale. Liikeni mu mkaka, nimuthamange nalo nthawi yomweyo. M'mera mpoyamba.