Penti satsuka mchere mu injini ya boti

Malume anga anagula injini ya boti ya kaunjika chaka chatha, ndipo tsiku lomwe inafika kwathu ku Mangochi anthu anasonkhana ngati kwabwera mkwatibwi. Inali yonyezimira, penti watsopano, ndipo atakoka chingwe kamodzi kokha inalira bwinobwino. Wogulitsayo anati yachokera kugombe la nyanja yamchere ku Mozambique, ndipo mwini wake waigulitsa chifukwa wapeza ina yaikulu. Patangotha milungu isanu, usiku wina malumewo ali pakati pa nyanja ndi anyamata awo opha usipa, injini ija inatsokomola n'kuzima. Mwera unali utayamba kale. Anapalasa mpaka m'bandakucha, ndipo mwamwayi onse anafika kumtunda ali moyo.

Ine ndinalipo pomwe makaniko amaimasula. Mabawuti ena anali atagwirana ndi chitsulo, m'mbali mwake muli tinthu toyera ngati ufa. Atasenda waya mmodzi, mkati mwake munali mobiriwira, pena mwakuda, m'malo mwa kufiira kwa kopa. Anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Bambo, injini iyi inamwapo madzi amchere." Malume anandiyang'ana: "Mphwanga, iwe wa sukulu, ndiye ndikanadziwa bwanji?" Ndinalibe yankho. Digiri yanga ndi ya zofalitsa nkhani, ndipo nkhani za ngozi za panyanja ndalembapo zingapo, koma funso loti injiniyo inazimiranji sindinalifunsepo n'kamodzi komwe.

Chomwe ndaphunzira kuchokera tsiku limenelo n'chakuti injini yomira siikhala kuti yaferatu. Chimaipha ndi kuchedwa komanso kukonza kongophimba pamwamba.

Lita imodzi ya madzi a nyanja yamchere imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35. Injini ikadali pansi pa madzi, dzimbiri limayenda pang'onopang'ono chifukwa mpweya ndi wochepa. Vuto lenileni limayamba ikangovuulidwa, mchere ndi mpweya zikakumana pa chitsulo. Mkati mwa maola ochepa, tizitsulo tosalala ta mkati timayamba kudyeka. N'chifukwa chake amakaniko odziwa ntchitoyi amati ngati simungathe kuyamba kukonza nthawi yomweyo, ndi bwino kuimiza injiniyo mu mgolo wa madzi abwino kusiyana ndi kuiyanika padzuwa. Zimamveka ngati zamisala, eti? Munthu wavuula katundu wake m'madzi, inu mukuti amubwezerenso m'madzi. Koma kuyanika kumangochotsa madzi, mchere umatsala momwemo.

Ndondomeko yake si yamatsenga. Ngati boti lili ndi batire, choyamba ndi kulichotsa. Chachiwiri, osayesa kuliza injini, ngakhale mtima ukufunitsitsa kudziwa ngati ili moyo. Madzi sapanikizika ngati mpweya, ndiye pisitoni ikawakankha mwamphamvu, chitsulo chomwe chimaigwira chimapindika. Injini imatsukidwa ndi madzi abwino ambiri, mapulagi amachotsedwa, kenako imazunguzidwa ndi dzanja kuti madzi atuluke m'mabowo a mapulagiwo, n'kuthiramo oyilo. Kabuleta, mapaipi a mafuta ndi thanki zonse zimakhuthulidwa. Pa injini zomwe zimasunga oyilo wake payekha, monga za dizilo, oyiloyo ndi fyuluta zimasinthidwa kangapo mpaka atasiya kuoneka ngati tiyi wamkaka. Zikatero injini imalizidwa kwa nthawi yaitali ndithu kuti itenthe n'kuumitsa chinyezi chotsalira. Koma ngati pozunguza ndi dzanja mukumva kukhukhuta, ndiye kuti mwalowa mchenga, ndipo apo palibe chidule, injini yonse iyenera kumasulidwa.

Gawo lomwe anthu ambiri amalinyalanyaza ndi la magetsi, ndipo ndi lomwe linaika moyo wa malume pachiswe. Madzi amchere amadutsitsa magetsi mosavuta. Boti likadzaza madzi batire lili lolumikizidwa, magetsiwo amafulumizitsa kudyeka kwa timitu ta mawaya, moti usiku umodzi ndi wokwanira kuwononga zambiri. Batire lomwe mwalowa madzi amchere lingathenso kutulutsa mpweya wa klorini, woopsa kuupuma, ndipo loterolo n'lotaya basi. Koma choipa kwambiri n'chosaoneka. Waya amapangidwa ndi tiulusi ta kopa tambirimbiri, ndipo madzi amakwera pakati pa tiulusi timeneti monga momwe palafini amakwerera mu chingwe cha koloboyi. Kunja waya amaoneka wabwinobwino, mkati akuola. Mcherewo umakokanso chinyezi cha mumpweya, ndiye ngakhale patapita miyezi, ntchito yowononga imapitirirabe. Sitata ndi alitaneta mwina zingapulumuke ngati zamasulidwa, kutsukidwa ndi kuumitsidwa msanga. Mawaya ndi maswitchi omwe anamira, njira yolungama ndi kusintha. Kupopera mankhwala othamangitsa chinyezi pamwamba kungaipangitse injini kulira pa tsiku logulitsa, koma sikufika mkati mwa waya.

Wina afunsa kuti nanga ife za mchere zikutikhudza pati poti dziko lathu lilibe nyanja yamchere? Anansi athu ali nayo, ndipo anamondwe akuwamenya pafupipafupi. Idai anagwera pafupi ndi Beira mu March 2019, Freddy analowera cha ku Quelimane mu March 2023 asanafike kudzatisautsa kuno kum'mwera. Namondwe aliyense wotere amamiza maboti ali pagombe. Katundu wa kaunjika amadutsa malire, ndipo injini siinyamula chiphaso chofotokoza komwe yadutsa. Komanso tisaiwale kuti nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho madzi ake ali ndi kamchere. Ngakhale pa nyanja ya Malawi, pomwe madzi ndi abwino ndipo dzimbiri silithamanga chomwecho, boti likagubuduka ndi mwera masitepe oyambirira ndi omwewa.

Sindikuti anthu asiye kugula injini za kaunjika. Amene angalankhule choncho sanafunsepo mtengo wa yatsopano, makamaka muno momwe ndalama zakunja zikusowa ndipo chilichonse choitanitsa kunja chakwera. Kwa asodzi ambiri, kaunjika ndiye khomo lokhalo lolowera mu bizinesi. Ndipo injini yomwe inamira koma inakonzedwa moyenera tsiku lomwelo ikhoza kugwira ntchito zaka zambiri. Dandaulo langa lili pa bodza. Wogulitsa galimoto yomwe inachitapo ngozi akabisa, wogulayo mwina adzaima pamsewu n'kuimika minibasi. Panyanja palibe poima. Kubisa kuti injini inamira ndi kutchova juga ndi miyoyo ya anyamata omwe sanakhalepo n'komwe pa malondawo.

Ndiye pali zomwe tingachite popanda kudikira ndalama za mabungwe akunja. Tili ndi sukulu ya zausodzi ku Mpwepwe komanso ya zapamadzi ku Monkey Bay, ndipo anthu odziwa zimenezi aliko. Chidziwitsochi chikuyenera kutsikira kumadoko, kudzera m'makomiti a m'magombe aja timati ma BVC, kuti doko lililonse likhale ndi munthu wodziwa chochita pa maola oyambirira boti likamira. Nafenso atolankhani tili ndi mlandu. Timathamangira kulengeza chiwerengero cha omira, apolisi akalankhula nkhani yatha. Wayilesi za m'madera ngati Dzimwe zimamvedwa ndi asodzi tsiku ndi tsiku, ndipo mphindi khumi zokha za makaniko akufotokoza chifukwa chake simuliza injini yonyowa zingapulumutse chuma cha banja lonse.

Kwa inu amene mukusunga ndalama kuti mugule injini, tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Musakhutire ndi kulira kwake. Tsegulani chivundikiro, muyang'ane ufa woyera uja pa mabawuti ndi dzimbiri m'malo obisika momwe burashi ya penti siifika. Pemphani kusenda kachidutswa ka waya mmodzi muone mtundu wa kopayo. Wogulitsa akakana, mwamva kale yankho.

Malume anasintha mawaya onse ndi zitsulo zina za mkati, ndipo pophatikiza ndi mtengo wogulira, ndalama zake zinatsala pang'ono kufika pa injini ina yabwinopo. Wogulitsa uja foni yake siikupezekanso. Injiniyo ikuyenda tsopano, koma anyamata awiri mwa omwe anali m'boti usiku uja anakana kubwereranso, anakalowa ntchito kwa msodzi wina.