Chipsera Chobisika M'matumbo

M'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala mabakiteriya ankhaninkhani, ndipo ambiri amatithandiza kugaya chakudya. Koma alipo ena amene amatulutsa poizoni.

Mu 2006, akatswiri a ku Toulouse, ku France, motsogozedwa ndi Eric Oswald, anapeza kuti mitundu ina ya bakiteriya wotchedwa Escherichia coli imapanga poizoni wotchedwa colibactin, amene amadula DNA ya maselo. Selo likavulazidwa limadzikonza, koma nthawi zina limakonza molakwika, ndipo cholakwikacho chimapita kwa maselo onse ochokera mwa ilo. Zolakwika zikaunjikana, selo limaleka kumvera lamulo loti lisiye kugawikana. Khansa imayamba motero.

Umboni wolimba unabwera mu 2020 ku Utrecht, kumene gulu la Hans Clevers linaika mabakiteriyawa mobwerezabwereza m'timatumbo tokulira mu labotale kwa miyezi isanu. DNA ya maselo inatsala ndi chipsera chakechake, ndipo chipsera chomwecho chinapezeka m'zotupa za odwala ena a khansa ya thumbo lalikulu.

Zimene zimandikhudza mtima kwambiri ndi za mu 2025. Gulu la Ludmil Alexandrov ku San Diego linafufuza zotupa 981 zochokera m'mayiko 11. Chipseracho chinali chofala kuposa katatu mwa odwala osakwana zaka 40 poyerekeza ndi opitirira zaka 70, ndipo zikuoneka kuti bala limachitika munthu asanakwanitse zaka khumi. Tangoganizani: mwana akusewera pabwalo, wathanzi, wosadandaula m'mimba, pamene chinachake chikulembedwa kale m'thupi mwake chimene chidzaonekere ali ndi banja lake.

Komabe tisathamange. Anthu ambiri athanzi ali nawo mabakiteriyawa ndipo sadwala khansa. Chibadwa, zakudya ndi kutupa kwa matumbo nazonso zili ndi mbali yake. Ndikuopa kuti wina atamva izi angayambe kumwetsa ana maantibayotiki popanda dokotala, mankhwala amene amasesa mabakiteriya abwino ndi oipa omwe.

Chimene ndingakonde chisinthe ndi chizolowezi chouza wachinyamata kuti "ndiwe mwana, sungadwale khansa." Munthu wa zaka 32 amene akuona magazi m'chimbudzi kwa milungu ingapo, akuonda osadziwa chifukwa, kapena kachitidwe kake ka chimbudzi kasintha, ayenera kupimidwa m'matumbo mofanana ndi agogo ake, osangopatsidwa mankhwala a kamwazi n'kubwezedwa kunyumba.