Amene anamenyera kuti mwamuna wogwiriridwa aziwerengedwa

Mu June 2018, Terry Crews, chimphona chimene chinasewerapo mu ligi ya mpira ya NFL chisanalowe m'mafilimu, anauza komiti ya nyumba ya Senate ku America kuti bwana wina wa ku Hollywood anamugwira kumaliseche paphwando mu 2016, mkazi wake ali pomwepo. Phungu Dianne Feinstein anamufunsa chifukwa chake sanabwezere, dzitho zonse zija ali nazo. Crews anayankha kuti anaona anyamata akuda ambiri ataputidwa, n'kuponya chibakera, n'kuthera kundende kapena kumanda.

Woimba 50 Cent anamuseka pa Instagram. Nzosadabwitsa: kwa amuna ambiri, mnzawo akadandaula zotere ndiye kuti wadzivula yekha umuna.

Anthu amakonda kunena kuti omenyera ufulu wa amayi salabadira amuna ozunzidwa. Mbiri ya malamulo ikutsutsa. Kuchokera mu 1927, bungwe lofufuza milandu ku America la FBI linkawerenga kugwirira pokhapokha wochitidwa chipongweyo akakhala mkazi. Mnyamata wogwiriridwa ndi mphunzitsi, kapena mkaidi wamwamuna wogwiriridwa m'chitokosi, sankalowa m'chiwerengero chimenecho. Amene anavutitsa boma mpaka tanthauzo la kugwirira linasintha mu January 2012 anali a Women's Law Project a ku Philadelphia, a Feminist Majority Foundation ndi magazini ya Ms. Sanali magulu a abambo aja amene amakumbukira amuna ozunzidwa pokhapokha amayi akayamba kulankhula za mavuto awo.

Mfundo ya amayiwa njosavuta. Kugwirira ndi nkhani ya ulamuliro, ndipo chiphunzitso choti mwamuna weniweni sagonja, salira, komanso sakana mkazi, chimateteza wogwirira n'kutseka pakamwa wogwiriridwa.

Komabe nawonso ali ndi ngongole. Lara Stemple, katswiri wa malamulo pa yunivesite ya UCLA amene amamenyeranso ufulu wa amayi, anaonetsa mu 2014, pamodzi ndi Ilan Meyer, kuti chithunzi cha mwamuna wolakwa ndi mkazi wolakwiridwa chimabisa anthu ambiri. Pa kafukufuku wa bungwe la zaumoyo ku America la CDC wa 2010, amuna amene anakakamizidwa kulowa munthu wina pogonana m'miyezi 12 anali pafupifupi ofanana ndi akazi amene anagwiriridwa m'nthawi yomweyo. Bungweli linaika amunawo m'gulu lina la nkhanza, osati la kugwirira, ndipo nyuzipepala zambiri polemba za kafukufukuyo zinangowadumpha.