Tiyeni tiwerenge mbiri ya nkhondo ya Chiwaya pamodzi

A Mkonzi,

Ndiloleni kudzera m'nyuzipepala yanu yotchukayi ndilankhule ndi anzanga akumudzi komanso abusa ndi ansembe athu pa nkhani ya kuwerenga mabuku pagulu.

Kuno ku Luwawa tilipo anthu ochepa, aphunzitsi opuma, akulu a mpingo ndi nyakwawa imodzi, amene timakumana Loweruka masana kuwerenga ndi kukambirana. Buku limene latigwira mtima ndi Distinguished Conduct, lolembedwa ndi Melvin Page, limene linasindikizidwa ku Mzuzu mu 2019. Ndi nthano yopeka yokamba za msilikali wa King's African Rifles, koma maziko ake ndi mbiri yeniyeni. Mkulu yemweyu ndiye analemba The Chiwaya War atacheza ndi okalamba amene anaiona nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndi maso awo.

Ana athu amaphunzira za nkhondoyi ngati kuti inali ya Azungu okha. Chonsecho mu September 1914 mfuti zinalira pa Karonga pompa, ndipo makolo athu zikwizikwi anagwidwa ukatengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo kupita kudziko la Ajeremani. Ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda, manda awo osadziwika.

Chimene chinautsa mtsutso pagulu lathu ndi nkhani ya Inkosi Chimtunga Jere. Mu 1915 boma la atsamunda linaichotsa pampando ndi kuipirikitsira kumwera chifukwa inakana kupereka anthu ake kuti akhale amtengatenga. Ena anati mfumuyi inachita bwino, popeza m'busa weniweni sapereka nkhosa kwa afisi. Ena anati kukana kwake sikunapulumutse munthu, anthu anatengedwabe ndipo dziko linatsala lopanda mutu. Ine ndili mbali ya oyambawo. Mtsogoleri amene wataya mpando chifukwa cha anthu ake amasiya muyeso woyezera onse obwera pambuyo pake. M'busa John Chilembwe nayenso anadandaula mu 1914 kuti anthu osauka akufera nkhondo imene sakuidziwa.

Masiku ano achinyamata akuthamangira mabuku a utsogoleri ochokera ku America. Sindikuwanyoza. Ifenso tawerengako Long Walk to Freedom la Nelson Mandela ndipo tapindula. Koma tingaiwale bwanji Msyamboza la Samuel Ntara, lokamba za nyakwawa ya ku Dowa, kapena mbiri ya Angoni imene analemba M'busa Yesaya Chibambo? Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Vuto lathu ndi lakuti buku ndi limodzi, owerenga khumi, ndipo lili m'Chingerezi. Mmodzi amawerenga mokweza, wina n'kumamasulira m'Chitumbuka, tsamba limodzi kutha theka la ola.

Choncho ndikupempha zinthu zitatu. Abusa, tibwerekeni chipinda cha tchalitchi pakati pa sabata ndipo lengezani pa guwa kuti achinyamata abwere. A National Library Service, ganizirani zotumiza mabokosi a mabuku kumidzi yakutali ndi tauni. Osindikiza mabuku, masulirani mabuku otere m'Chichewa ndi m'Chitumbuka.

Amene anasenza katundu wa nkhondoyo anatha onse. Atsala ndi adzukulu amene anamva nkhanizi pamoto, ndipo nafenso imvi zachuluka. Tikazengereza, ana athu adzafunsa ndani?

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Luwawa, Mzimba.